Ng'ombe, mphaka ndi mkaka wokana kutuluka

 Sabata ino ndakutengerani mbiri, koma si ya mafumu kapena ya nkhondo ya Chilembwe ayi. Ndi mbiri ya mawu awiri amene amamveka m'chikuta ndi m'mawodi a amayi ochira kumene tsiku ndi tsiku: "Mkaka sukutuluka." Amene munawanenapo mawuwa pakati pa usiku, khanda likulira mpaka kusasa mawu, apongozi ali chilili pakhomo, mukudziwa kulemera kwake. Abambo musathawe, khalani pompo. Mbali yaikulu ya nkhaniyi ndi ya ng'ombe, ndipo kutsogoloku inunso mutchulidwa.

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri zimene ambiri timaziphatikiza. Kupanga mkaka ndi kwina, kuutulutsa ndi kwinanso. Ife a mumsika timadziwa kuti katundu akhoza kudzaza m'chipinda chosungira, koma wosunga makiyi akachedwa, pabenchi pamangokhala pululu. Bere nalonso limatha kudzaza mpaka kulimba gwa, kupweteka, koma mwana n'kumangokoka timadontho. Mkaka umakhala m'timatumba ting'onoting'ono mkati mwenimweni mwa bere, ndipo kuyamwa kokha sikungaukoke wonse. Pamafunika china chake choufinya kuchokera mkatimo. Anthu anatenga zaka zikwizikwi kuti adziwe chimene chimafinyacho, ndipo oyamba kuzindikira kuti chilipo anali okama ng'ombe.

Funsani aliyense amene anakulira kukhola ku Mzimba kapena ku Chikwawa. Ng'ombe zathu za linunda sizilola kukamidwa thole lisanabwere. Mumayamba mwalisiya thole kuti liyamwe pang'ono, ligunde bere ndi mutu, mawere akatupa mumalichotsa n'kulimangirira pafupi pomwe make akuliona, kenako n'kuyamba kukama. Mukalakwitsa, ng'ombe imabisa mkaka, mungofinya mpaka zala kuwawa. Nzeru imeneyi ndi yakalekale. Ku Cairo, m'nyumba yosungira zinthu zakale, muli bokosi lamwala la maliro a mayi wa kunyumba yachifumu dzina lake Kawit, la zaka pafupifupi 4,000 zapitazo. Pabokosipo anasema munthu akukama ng'ombe, thole atalimangirira kumwendo wakutsogolo wa make, ndipo m'diso la ng'ombeyo mukutuluka msozi. Wosemayo ankajambula zomwe ankaona kukhola, zomwezo zimene mnyamata wa ku Mzimba akuchita mmawa uno.

Nanga thole likafa? Alimi a ku Scotland ankasenda chikopa chake, kuchidzaza udzu, n'kuchiimika pafupi ndi make kuti anunkhize. Chidole chimenecho ankachitcha tulchan. Ng'ombe inkanyengeka, mkaka n'kutsika. Ena anapita patali kuposa apa. Herodotus, Mgiriki amene analemba mbiri zaka zoposa 2,400 zapitazo, anasimba za anthu otchedwa Asikuti amene pokama akavalo ankauzira mpweya kunjira yoberekera ya chiwetocho pogwiritsa ntchito fupa lobooka ngati chitoliro, wina akuuzira, wina akukama. Mu 1940 Evans-Pritchard analemba kuti anthu a mtundu wa Nuer, kumene lero ndi ku South Sudan, ankachita zofanana ndi ng'ombe zawo. Mukhoza kuseka, inenso ndinaseka. Koma mu 1941 dokotala wa ku Canada, James Ferguson, anaonetsa kuti njira yoberekera ikatambasuka, ubongo umatulutsa timadzi tina m'magazi, ndipo timadzi tomweto ndi timene timafinya bere. Abusa aja ankatsegula chitseko cholondola, kungoti dzina la kiyi sankalidziwa.

Dzinalo linayamba kufunidwa mu 1906 ku London. Henry Dale anatenga kanthu kakang'ono kolendewera kunsi kwa ubongo, kukula kwake mwa munthu ngati njere ya khobwe, komwe madokotala amati pituitary. Anakasinja, n'kubaya madzi ake m'thupi la mphaka wabere, ndipo chiberekero cha mphakayo chinakungana. Pofika 1909, William Blair-Bell wa ku Liverpool anali atayamba kubaya madzi omwewo amayi otaya magazi akachira. Chaka chotsatira, 1910, ku Philadelphia, Isaac Ott ndi John Scott anabaya mbuzi yoyamwitsa, mkaka n'kuyamba kuchucha nthawi yomweyo. Mu 1928 Oliver Kamm ndi anzake ku Detroit analekanitsa timadzi tiwiri timene tinali m'madzi aja, ndipo tofinya chiberekero ndi bere tinatchedwa oxytocin, kuchokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kubereka msanga.

Mungaganize kuti nkhani inathera pomwepo. Ayi ndithu, anthu ophunzira anakangana zaka zina zambiri. Ena ankati jakisoniyo amapangitsa bere kupanga mkaka watsopano pompopompo. Ena ankati zoona, mankhwalawo amafinya, koma thupi palokha siligwiritsa ntchito njira imeneyo, ndi mitsempha yokha imene imalamula bere. Mkangano unadzathetsedwa ndi ng'ombe ndi mphaka, ndipo apa ndi pamene ndimapakonda kwambiri.

Mu 1941, ku America, Fordyce Ely ndi William Petersen anadula mitsempha yopita mbali imodzi ya bere la ng'ombe. Akanakhala kuti a mitsempha aja ankanena zoona, mbali imeneyo ikanaleka kutsitsa mkaka. Koma mbali zonse ziwiri zinkatsitsa limodzi, kusonyeza kuti lamulo likudzera m'magazi. Kenako anafuna kuona chimene mantha amachita. Nthawi yokama itakwana, anaika mphaka pamsana pa ng'ombe, n'kumaphulitsa timapepala ta jumbo touzira mpweya, kamodzi pa masekondi 10 alionse kwa mphindi 2. Tangoganizani akuluakulu a masukulu awo, wina wanyamula mphaka, wina akuuzira mapepala kukhola! Ng'ombe inaumitsa, mkaka osatsika. Pambuyo pake anaona kuti mphaka n'ngosafunika, mapepala okha akukwanira. Atabaya ng'ombe yodekha timadzi ta mantha totchedwa adrenaline, nayo inabisa mkaka. Atabaya oxytocin, mkaka unatsika.

Ndiye njira yake ili chonchi. Mwana akagwira bere, mitsempha ya kunsonga imatumiza uthenga ku ubongo. Ubongo umauza kakhobwe kaja kuti katulutse oxytocin m'magazi. Magazi amamufikitsa kubere, kumene kathumba kalikonse ka mkaka kazunguliridwa ndi timinofu tonga zala, ndipo timinofuto timafinya mkaka kuukankhira kunsonga. Zonsezi zimatenga ngati mphindi imodzi kapena ziwiri. Amayi ena amamva kunyerenyetsa m'bere, ena amagwidwa ludzu mwadzidzidzi, ena amangoona bere linalo likudontha, ndipo ena samva kalikonse koma mwana akumeza bwinobwino. Cham'mimba chija chimakupotokolani m'masiku oyamba mwana akangoyamba kuyamwa ndi ntchito ya oxytocin yemweyo, akubweza chiberekero m'malo mwake. Chimawawa, koma ndi umboni woti kiyi watembenuka. Ndipo poti uthengawo umadzera mu ubongo, maganizo amalowererapo. Mayi ali pabenchi kugulitsa tomato akhoza kunyowetsa bulauzi chifukwa chongomva kulira kwa mwana wa munthu wina. Ululu, manyazi ndi mantha zimachita mosemphana, zimatseka.

Izi zinali za ng'ombe. Za munthu zinayesedwa mu 1948 ku Philadelphia ndi banja lina, Niles Newton ndi mwamuna wake Michael Newton. Anatenga mayi mmodzi woyamwitsa bwinobwino, n'kumamusokoneza dala mwana ali pabere. Tsiku lina ankamuviika mapazi m'madzi a ayezi. Tsiku lina ankamufunsa masamu mothamanga, akalakwa n'kumugwiritsa shoko yamagetsi. Tsiku lina ankamukoka zala za kumapazi ndi bandeji mpaka kuwawa. Mwana ankamuika pasikelo asanayamwe ndiponso atayamwa. Popanda chosokoneza, mwana ankapeza magalamu 168 a mkaka. Mayi akasokonezedwa, ankapeza magalamu 99 okha. Akasokonezedwa koma n'kubayidwa oxytocin, mkaka unkabwerera kufika magalamu 153. Bere lomwelo, mayi yemweyo, chakudya chomwecho. Mkaka unalipo masiku onsewo.

Ine ndikawerenga za madzi a ayeziwo ndimaganiza za chikuta chathu. Mayi wachira dzulo, mwina wasokedwa, kukhala pansi kukumuvuta. M'chipinda mwadzaza anthu odzaona mwana. Wina akuti mawere akewa ndi aang'ono, wina akuti kwawo onse ndi ouma, wina akumufinya bere pagulu ngati akusankha mapeyala. Azakhali akufunsa ngati sanachite zinazake ali woyembekezera. Onsewa amamukonda, sindikukana, koma chimene akuchita sichisiyana ndi kuphulitsa mapepala kukhola. Kenako mkaka ukabisala, amati mwaona, tinanena ife.

Tibwerere ku mbiri. Oxytocin wa nthawi imeneyo ankachokera m'mitu ya ng'ombe ndi nkhumba zophedwa kumabutchala, ndipo kuti apeze pang'ono pokha pankafunika tiziwalo tambirimbiri. Mu 1953 Vincent du Vigneaud wa ku Cornell, mumzinda wa New York, anapeza kuti oxytocin ndi kamkanda ka tizidutswa 9, ndipo anakwanitsa kukalumikiza yekha mu labotale. Inali homoni yoyamba ya mtundu umenewo kupangidwa ndi manja a munthu, ndipo mu 1955 anamupatsa mphoto ya Nobel. Kuchokera pamenepo mankhwalawa anatchipa n'kufalikira dziko lonse. Ngati munachirira kuchipatala, jakisoni uja anakubayani pantchafu mwana atangotuluka, inu muli wefuwefu osafunsa n'komwe, kawirikawiri amakhala ameneyu. Ntchito yake pamenepo ndi kukungitsa chiberekero kuti musataye magazi ambiri. Amafuna kusungidwa pozizira, akakhalitsa potentha mphamvu zimachepa, ndiye mukamva anamwino akudandaula za filiji ndi magetsi, dziwani kuti akudandaulira moyo wanu.

Popeza jakisoni sangabayidwe nthawi iliyonse mwana akafuna bere, kampani ya Sandoz ya ku Switzerland inapanga oxytocin wopopera m'mphuno, dzina lake Syntocinon. Kuyambira cha m'ma 1960, amayi a ku Ulaya ndi America amene mkaka unkawavuta kutsika ankapopera mphindi zochepa asanayamwitse. Zinkamveka zanzeru: kiyi wasowa, nayu kiyi wapadera. Ku America mankhwalawa anachoka pamsika m'zaka za m'ma 1990, m'maiko ena akadalipo. Koma funso loti kodi amathandizadi linadzayesedwa bwino mochedwa. Mu 2006 Mary Fewtrell ndi anzake ku London anafalitsa zomwe anapeza pa amayi 51 obereka ana osakwana masiku, amene ankafinya mkaka ndi makina. Ena anapatsidwa mankhwala enieni, ena botolo lofanana koma lopanda mankhwala, ndipo panalibe mayi wodziwa chimene walandira. Olandira oxytocin anayamba mofulumirirapo pang'ono, koma pakutha pa masiku 5 mkaka wonse pamodzi sunasiyane kwenikweni. Chosangalatsa n'chakuti amayi ambiri, ngakhale a botolo lopanda kanthu, ankakhulupirira kuti alandira mankhwala enieni. Ofufuzawo anaona kuti chikhulupiriro chimenecho, pamodzi ndi kukhala ndi munthu wowathandiza pafupi tsiku lililonse, n'kutheka kuti ndi zimene zinawapindulira onse.

Sindikunena kuti mankhwalawa ndi achabe. Alipo amayi, monga ovulala msana amene uthenga wochoka kubere sufika ku ubongo, amene dokotala angawalembere ndipo n'kuwathandiza. Koma si chinthu chogula pawekha. Ku India anthu anazolowera kubaya ng'ombe ndi njati oxytocin tsiku lililonse pokama, mpaka mu 2018 boma linayesa kuletsa makampani wamba kupanga mankhwalawa, nkhani n'kukathera kukhoti.

Tsopano za wopanga katundu, poti mpaka pano takamba za wa makiyi yekha. Homoni yopangitsa mkaka ndi ina, imachokera mbali yakutsogolo ya kakhobwe komwe kaja. Mbiri yake ndi ya nkhunda. Oweta nkhunda mukudziwa kuti maunda amadyetsedwa phala loyera lochokera m'chithokomiro cha makolo ake, yaikazi ndi yaimuna yomwe. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, Oscar Riddle wa ku America anapeza timadzi timene timayambitsa phala limenelo, n'kutitcha prolactin. Mwa munthu tinavuta kutipatula, mpaka Henry Friesen ku Canada anakwanitsa cha mu 1971. Prolactin amachuluka mayi ali woyembekezera, koma mahomoni a nsengwa amamugwira dzanja. Nsengwa ikatuluka, mahomoni aja amagwa, ndipo pakadutsa masiku 2 mpaka 4 mkaka wambiri umabwera. N'chifukwa chake kachidutswa ka nsengwa kakatsalira m'chiberekero mkaka umachedwa. Umachedwanso nthawi zina kwa mayi wa opaleshoni, wa matenda a shuga, kapena wa mwana woyamba.

Masiku oyambawo ndi amene amagwetsa ambiri mphwayi. Chimene chimatuluka ndi mkaka woyamba wachikasu uja, wokhuthala, wochepa ngati supuni yaing'ono imodzi kapena ziwiri pa kuyamwa kumodzi. Kamimba ka khanda la tsiku limodzi nakonso n'kakang'ono zedi, ndiye zimakwanirana. Koma diso la agogo likaona timadontho, limati mwana afa ndi njala, ndipo pamabwera madzi, tiyi, kapena timankhwala ta makolo monga mzuwula ndi dawale wa kumpoto. Mwana akakhuta zimenezo sayamwa mwamphamvu, bere silipungulidwa, ndipo bere losapungulidwa limauza thupi kuti lichepetse kupanga. Apanso ndi ngati malonda: katundu amene sakuyenda, suodanso wambiri.

Madokotala anazindikira kuti mankhwala ena a mseru ndi kusanza, monga metoclopramide ndi domperidone, amakweza prolactin, ndiye anayamba kuwalembera amayi a mkaka wochepa. Kwa amayi a ana osakwana masiku, domperidone amawonjezerako ndithu, ngakhale si kwambiri. Koma mu 2004 bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linachenjeza amayi oyamwitsa za domperidone chifukwa amatha kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo mu 2014 a ku Ulaya anachepetsa mlingo wololedwa. Metoclopramide naye amatha kubweretsa kunjenjemera ndi kukhumudwa, kwa mayi amene mwina ali kale ndi nkhawa. Ndikunena izi chifukwa ndimakhala mumsika, ndimawaona anzanga oyala mapilitsi padzuwa pafupi ndi mabatire ndi mankhwala a makoswe. Ndi anthu abwino, timadyera limodzi chiwaya, koma mtima wanu sanaupime.

Pali mutu wina wa mbiriyi umene umandipsetsa mtima. Anthu amalonda nawo anaphunzira kuti mkaka wa mayi umadalira mtima wake. Cicely Williams, dokotala wobadwira ku Jamaica, amene anafotokoza matenda a kwashiorkor akugwira ntchito ku Gold Coast, komwe lero ndi Ghana, anasamukira ku Singapore n'kupeza atsikana ovala ngati anamwino akuyenda m'makomo a anthu osauka kutsatsa mkaka wa m'chitini wotsekemera. Mu 1939 analankhula pamaso pa akuluakulu a Rotary mumzindamo, mutu wa mawu ake unali Milk and Murder, kutanthauza mkaka ndi kupha. Palibe chinasintha msanga. Otsatsa sankafunika kunena kuti bere ndi loipa. Ankangofunsa mayi kuti, kodi mkaka wanu ukukwana? Funso lokhalo limadzala nkhawa, nkhawa imatseka mkaka, mwana amalira, mayi amagula chitini, mwana amachepetsa kuyamwa, ndipo pakutha pa mwezi mkaka wachepadi. Ndine wamalonda, ndimadziwa kukopa kasitomala, koma malonda opanga okha vuto limene akuti akuthetsa, amenewo ayi. Ndalama zikachepa, mayi ankasungunula ufa wochepa m'madzi ambiri, madzi ake a pachitsime, botolo losawiritsa. Ana ankatsegula m'mimba n'kumafa.

Mu 1974 bungwe la War on Want ku Britain linatulutsa kabuku kotchedwa The Baby Killer. Gulu lina ku Switzerland litakamasulira m'Chijeremani ndi mutu wotchula Nestlé, kampaniyo inawasumira. Mu 1976 inapambana pa nkhani ya mutuwo, oimbidwa mlandu analipitsidwa ndalama zochepa, koma woweruza anauza kampaniyo kuti isinthe katsatsidwe kake. Mu 1977 anthu anayamba kunyanyala katundu wa Nestlé, ndipo kunyanyalako kunayambira ku Minnesota. Mu 1981 msonkhano wa WHO unavomereza malamulo a katsatsidwe ka mkaka wa makanda, maiko 118 anavomera, limodzi lokha, America, linakana. Mu 1991 WHO ndi UNICEF anayambitsa ndondomeko ya zipatala zokomera ana, imene imati mwana aikidwe pachifuwa cha make khungu kukhudza khungu akangobadwa, ayamwe m'ola loyamba, agone ndi make, ndipo asapatsidwe china chilichonse popanda chifukwa cha chipatala. Mukayang'anitsitsa, ndi nzeru ya thole ija: mwana akhale pomwe make akumuona, akumununkhiza.

Musandimve molakwa. Mkaka wa m'chitini si poizoni. Mwana wamasiye, mwana amene make akudwala kwambiri, kapena amene make mkaka wakanikadi, chitini chokonzedwa mwaukhondo chimamupulumutsa, ndipo mayi wotere sayenera kuyang'anidwa ndi diso lamwano pasikelo.

Kwathu kuno mbiriyi inafika m'njira zooneka. Njira ya kangaru, yomanga mwana wosakwana masiku pachifuwa cha make, inayamba mu 1978 ku Bogotá m'dziko la Colombia, pamene dokotala Edgar Rey anasowa makina okwanira ofunditsira ana. Ku Malawi inayambira pachipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo tinkaifunadi, poti lipoti la 2012 linaika dziko lathu pamwamba pa maiko onse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 pa 100 alionse. Khungu la mwana pakhungu la make limatulutsa oxytocin popanda botolo la ku Switzerland. Mu 2011 dziko lathu linakhala loyamba kuika amayi onse oyembekezera ndi oyamwitsa amene ali ndi HIV pa ma ARV a moyo wonse, zimene zinalola amayi ambiri kuyamwitsa mtima uli m'malo. Koma si zonse zikuyenda chokwera. Kafukufuku wa boma wa 2010 anapeza kuti ana 71 pa 100 osakwana miyezi 6 ankayamwa mwakathithi, pomwe wa 2015 mpaka 2016 anapeza 61. Ine sindidabwa. Mayi wa geni alibe tchuthi cha uchembere. Pakatha masabata ochepa wabwerera pabenchi, mutu uli pa ngongole ya banki m'khonde ndi chiphaso cha khonsolo, mwana akuyamwa uku iye akuwerenga chenje.

Ndiye abambo, mbali yanu ndi iyi. Thobwa ndi phala la nsinjiro zimene mumagula n'zabwino, mayi woyamwitsa amafunika kudya ndi kumwa. Koma m'masiku oyambawo ntchito yaikulu ndi kuima pakhomo. Alendo aone mwana mwachidule azipita. Mayi anu enieni muwalankhule ndinu, mwaulemu, poti mkazi wanu sangathe. Ngati bala likuwawa, funsani anamwino mankhwala a ululu oyenera woyamwitsa, chifukwa ululu umatseka mkaka. Kansalu kofunda pabere, kusisita msana pakati pa mapewa, malo opanda maso a anthu, mwana pachifuwa popanda malaya pakati, zimenezi zimathandiza mkaka kutsika. Mwana ayamwe kosachepera ka 8 usana ndi usiku, kukamwa kutayasama bwino, atagwira ndi chakuda chomwe cha bere, osati kansonga kokha. Bere likalimba kwambiri moti mwana akulephera kugwira, mayi afinyeko pang'ono ndi dzanja kuti lifewe.

Ndipo muziwerenga matewera, chifukwa kulira kumanama koma mkodzo sunama. Pofika tsiku la 5 kapena la 6, mwana wokhuta amanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, chimbudzi chasintha kuchoka chakuda kukhala chachikasu. Kutsika sikelo pang'ono m'masiku oyamba n'kwachibadwa, amabwerera pa sikelo yobadwa nayo pofika masabata awiri. Koma mwana wongogona osadzuka kuti ayamwe, wouma m'kamwa, wa maso ndi khungu lachikasu, wotentha thupi kapena wozizira, ameneyo si wodikira mawa. Mayinso akatentha thupi, bere litafiira mbali imodzi, apite tsiku lomwelo.

Ndatsala ndi mayi mmodzi amene mbiri inamuchedwera, ndipo kumudzi timamuchimwira kwambiri. Mu 1937 Harold Sheehan, dokotala wopima mitembo pachipatala cha amayi ku Glasgow, anaona kuti amayi ena amene anataya magazi ambiri pochira anali ndi kakhobwe kaja katafa. Mayi akakhala woyembekezera kanthuka kamakula, kamafuna magazi ochuluka, ndiye magazi akatsika mwadzidzidzi kamauma. Mayi wotere akapulumuka, prolactin alibe. Mkaka subwera n'komwe, angamwe thobwa la m'mudzi monse, angamusisite msana usiku wonse. Pambuyo pake msambo subwerera, tsitsi la m'khwapa limathothoka, amamva kuzizira anzake akutuluka thukuta, amakhala wofooka zaka ndi zaka, ndipo anthu amati ndi ulesi kapena anamulodza. Matendawa amatchedwa ndi dzina la Sheehan. Kumaiko olemera anasowa chifukwa kutaya magazi amakuthana nako msanga, koma kumene amayi amachirira kutali ndi chipatala akadalipo. Mwana wa mayi ameneyu amafunika mkaka wina mwachangu, ndipo mayiyo amafunika kupimidwa magazi, chifukwa kanthu komweko ndi kamene kamalamulanso mahomoni ena ogwira moyo. Mapilitsi obwezeretsa mahomoniwo alipo, amamwa moyo wonse ndipo munthu amadzuka n'kumagwira ntchito zake. Ngati mukumudziwa wina wotere, mukamuperekeze kuchipatala chachikulu, ndipo akakalowa kwa dokotala akayambire pa magazi aja anataya pochira, ngakhale patapita zaka khumi.